Kodi Julius Caesar anali wankhanza zoona kapena Brutus anangodzinamiza yekha?

kachiwala_04 analemba:

Abale anga ndithandizeni mutu wanga waima apa. Tikuwerenga sewero la Shakespeare lija la Julius Caesar ndye atipatsa eseyi yoti tifotokoze mmene njala ya mpando, mphamvu komanso ulamuliro wankhanza zikuonekera m'seweroli. Ine nditangoona funso ndinati aaa izi nde zophweka, Caesar ndi wanjala ya mpando uja, Brutus ndi wopulumutsa dziko, ndilemba masamba atatu basi ndikagone. Koma nditayamba kusaka umboni m'bukumo kuti ndiziika mawu enieni a anthuwo ndapeza kuti ndilibe chogwirika. Caesar uja mnzake Antony akumupatsa chisoti chachifumu katatu, katatu konse akukana, ndye njala ya mpandoyo ili pati? Komanso ali moyo akungooneka maulendo atatu basi pa siteji, pofika pakati pa sewero wafa kale, sindinamuone akumanga munthu kapena kulamula kuti wina aphedwe, amene ndikumuona akunama, kulemba makalata abodza ndi kuyenda usiku nkumanong'oneza anzake ndi Cassius, yemwe akuti ali mbali ya ufulu.

Ndinafunsa aphunzitsi athu anangoseka nkundiuza kuti ndiganize ndekha kkkk. Nde ndikufunsa inu amene munawerengako seweroli, wankhanza weniweni ndi ndani mmenemu? Ndilembe kuti Caesar ndi wankhanza ngakhale sindikuona umboni, kapena nditembenuke ndinene kuti achiwembuwo ndi amene anali ndi dyera? Ndikuopa kulemba zosiyana ndi zomwe ochonga akuyembekezera. Eseyi ikufunika Lachisanu.


mphunzitsi_wopuma analemba:

Mwanawe, usathamangire kusankha mbali. Tenga pensulo ubwerere pa tsamba loyamba, paliponse pamene wina akunena kuti Caesar akukhumba ufumu uchonge m'mbali, ndipo ulembe dzina la amene akulankhulayo. Uona kuti Caesar mwiniwake palibe pamene akutsegula pakamwa nkunena kuti ndikufuna chisoti. Mlanduwu ukutuluka m'kamwa mwa anthu ena, makamaka Brutus ndi Cassius, kenako Antony akuutola pa maliro paja nkumaubwereza monyoza mpaka kuufwifwitsa. Ngakhale za chisoti zija zomwe wanenazo sitikuziona ndi maso athu, ife tikungomva khamu likufuula kuseri kwa siteji, amene akubwera kudzafotokoza ndi Casca, ndipo Casca ndi amene akuthira ndemanga yoti munthuyu ankakana inde koma zala zake zinkakanika kuchoka pa chisotipo. Casca yemweyo ndi amene adzayambe kubaya. Ndye dzifunse wekha kuti mboni yotereyi ungaikhulupirire mpaka pati.

Pamene ine ndinkaimitsa kalasi kwa masiku awiri athunthu ndi poyambirira pa gawo lachiwiri, Brutus ali yekha m'munda mwake usiku tulo tasowa. Werenga pang'onopang'ono, mokweza mawu ngati nkotheka. Chiganizo chake choyamba ndi chigamulo, akuti munthuyu afe basi, zifukwa akuzifunafuna pambuyo chigamulo chitaperekedwa kale. Kenako akuvomera yekha kuti alibe chifukwa chake chake chomudera Caesar, akuvomeranso kuti sakumbukira tsiku limene Caesar analola mtima kulamulira nzeru zake. Ndye poti mlandu wa lero palibe, akupanga mlandu wa mawa. Akubweretsa fanizo la makwerero, kuti munthu pokwera amakhala wodzichepetsa koma akafika pamwamba amafulatira makwerero omwe anakwererawo, kenako fanizo la dzira la njoka, kuti uliphwanye lisanaswe. Mafanizo okoma m'khutu, koma ona kuti onsewo akunena za "mwina", za chimene Caesar angadzakhale, osati chimene wachita. Munthu akuphedwa chifukwa cha mlandu umene sanapalamule, ndipo woweruzayo akudziwa zimenezo chifukwa akudziuza yekha kuti nkhaniyi tiyikonze motere kuti imveke.

Cassius ndye ndi wosavuta kumuwerenga. Pamene akukopa Brutus m'gawo loyamba sakunena kuti Caesar wapondereza anthu osauka kapena waphwanya lamulo lakuti. Akukamba za tsiku lina pamene awiriwa analumphira mu mtsinje wa Tiber madzi ali odzadza, Caesar nkutopa nkumakuwa kuti andipulumutse, iye Cassius nkumubereka kutuluka naye. Akukambanso za malungo omwe anamugwira Caesar ku Spain, mmene ankanjenjemera ndi kupempha madzi ngati kamtsikana kodwala. Pamenepo chikumuwawa Cassius ndi chiyani? Kuti munthu amene ndinamuona akumira ndi maso angawa lero ndizimugwadira. Imeneyo ndi nsanje, yangovala malaya a ufulu. Ndipo Brutus atangochoka Cassius akunena yekha kuti chitsulo cha mnzakeyo chikhoza kupindidwa, ndi pomwe akukonza zoponya makalata pa windo olembedwa mosinthasintha kalembedwe kuti aoneke ngati achokera kwa nzika zosiyanasiyana.

Koma chimene ophunzira ambiri sachiona ndi khalidwe la Brutus akangolowa m'gululo. Walowa mochedwa koma nthawi yomweyo ndi iye akulamula. Cassius akuti tilumbire, Brutus akuti ayi. Akuti titenge Cicero, mkulu wandale wolemekezeka uja, ayi. Akuti Antony naye afe, ayi, ameneyo ndi mkono chabe mutu ukadulidwa alibe ntchito. Akuti Antony asalankhule pa maliro, Brutus akuti alankhule. Patsogolo pa nkhondo Cassius akuti tidikire adani atipeze otopa, Brutus akuti tiyeni ku Philippi. Kasanu konseko anzake akungogonja, ndipo pa za Antony ndi za Philippi zotsatira zake ukuzidziwa. Munthu wodana ndi ulamuliro wa munthu m'modzi, iye mwini samva za mnzake. Ukalemba ndime imodzi pa zimenezi wochonga aliyense amene analiwerenga bukuli adzadziwa kuti nawe unaliwerenga, sunangokopera manotsi.


bwande_wa_mbiri analemba:

Aphunzitsi ulemu wanu, za Brutus ndagwirizana nanu koma Caesar nde mwamuchapa mopitirira mpaka wayera mbee. Achemwali kachiwala (kapena ndinu achimwene, mundikhululukire) musanene mu eseyi kuti umboni palibe, ulipo ndithu koma Shakespeare anaubisa m'timizere tating'ono. Mukukumbukira akuluakulu awiri aja otsegulira sewero, Flavius ndi Marullus, amene akuthamangitsa anthu mu msewu nkuchotsa zokongoletsa pa ziboliboli za Caesar? Pitani pa chigawo chachiwiri, Casca akungotchula mongodutsa kuti awiriwa awatseka pakamwa, basi, sakuonekanso mpaka sewero kutha. Anthu amenewo udindo wawo unali woteteza anthu wamba ndipo mwa lamulo la Aroma sankayenera kukhudzidwa nkomwe. Ngati kuchotsa anthu otero chifukwa cha tinsalu ta pa chiboliboli si nkhanza nde nkhanza ndi chani?

Komanso tamvani mmene mkuluyu akulankhulira. Akudzitchula dzina lake ngati akunena za munthu wina, Caesar achita chakuti, Caesar saopa. Mmawa wa tsiku lophedwa lija akuuza Decius, m'modzi wa achiwembu, kuti kauze Seneti, bwalo la akuluakulu a boma la Roma, kuti sindibwera, chifukwa chake ndi choti sindikufuna basi. Ndye Decius wochenjera uja akutembenuza maloto a Calpurnia mkazi wa Caesar, maloto a chiboliboli chotuluka magazi, nkuwasandutsa maloto amwayi, kenako nkuponya nyambo yoti Seneti yagwirizana zokupatsani chisoti lero mukapanda kubwera mwina asintha maganizo. Pomwepo mkulu uja wasintha, akuti bweretsani mkanjo wanga ndikupita. Munthu wosafuna chisoti akananyamuka chifukwa cha mawu amenewo? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Atafika kumeneko Metellus Cimber akugwada kupepesera m'bale wake amene anathamangitsidwa m'dziko, Caesar akumuuza kuti amukankha ngati galu, nkudziyerekeza ndi nyenyezi ya kumpoto yosasuntha, masekondi ochepa mipeni isanayambe.

Tsono mbiri yeniyeni ndye ikumuthira mchere kwambiri. Mu January chaka cha 49 Yesu asanabadwe anawoloka mtsinje wa Rubicon ndi asilikali kulowa mu Italy, zomwe lamulo linkaletsa, nkhondo ya pachiweniweni nkuyambika. Anagonjetsa Pompey, mkulu wa asilikali wachiroma mnzake, ku Pharsalus mu 48 BC, kenako ana a Pompey ku Munda ku Spain mu 45 BC, ndipo chikondwerero chomwe sewero likuyambira ndi cha kupambana kumeneko, kutanthauza kuti akuvina chifukwa chopha Aroma anzake, nchifukwa chake Marullus akupsa mtima. Udindo wa dikiteta kwa Aroma unali wa pa ngozi, miyezi 6 basi ukatha utule pansi. Caesar anaupatsidwa wa zaka 10 mu 46 BC, kenako kumayambiriro kwa 44 BC anaupatsidwa wa moyo wake wonse. Nkhope yake anaidinda pa ndalama iye ali moyo, mwezi wa Quintilis nkuusintha dzina kukhala July umene tikuutchula mpaka lero. Kwa anthu amene ankanyadira kuti makolo awo anathamangitsa mfumu yomaliza Tarquin cha m'ma 509 BC, ndipo amene anatsogolera zimenezo dzina lake analinso Brutus, munthu wotereyu chisoti chinali chongotsala dzina.

Koma kuti ndisakondere, Brutus weniweni nayenso sanali mngelo mmene sewero likumuonetsera. Cicero ali bwanamkubwa ku Cilicia anatulukira kuti Brutus, kudzera mwa anthu ake, anakongoza ndalama mzinda wa Salamis ku Cyprus pa chiwongoladzanja cha 48 peresenti pa chaka, katapila weniweni. Ndipo chomwe chimandiseketsa ine nchakuti ataphedwa Caesar, Brutus anadindisa ndalama yake, mbali imodzi mipeni iwiri ndi kachipewa ka kapolo womasulidwa ndi mawu otchula tsiku la 15 March lomwe Caesar anaphedwa, mbali inayo nkhope ya Brutus mwiniwake. Chinthu chomwecho chimene ankadana nacho. Musaiwalenso kuti Brutus ndi Cassius onse anamenya nkhondo mbali ya Pompey, Caesar anawakhululukira nkuwapatsanso maudindo. Izi za katapila ndi ndalama m'seweromo mulibe ndye musaziike ngati umboni, mwina mzere umodzi pomaliza ngati aphunzitsi anu amakonda zoterezi.


gologolo_pamtengo analemba:

Kkkkk ine zakuya sindizitha koma amene ndimamumvera chisoni ndi Artemidorus, munthu walemba kalata yotchula maina onse a achiwembu, waima mu msewu, akuchonderera kuti bwana werengani yangayi kaye chifukwa ikukhudza inuyo, bwana akuti zokhudza ine zikhala zomalizira. Wolosera wanena, mkazi wagwada, ansembe apha nyama apeza ilibe mtima, kalata ili pamphuno pake, munthu osamva. Nde Shakespeare anamupanganso kukhala wogontha khutu limodzi, akumaliza kudzitama kuti saopa kanthu kenako akuuza Antony kuti bwera mbali ya kumanja kuno khutu ilo silimva. Ine pamenepo ndinaseka ndekha m'kalasi mpaka kunditulutsa panja.


nyenyezi_yakumpoto analemba:

Ine ndinasewerako seweroli tili pa koleji, osati udindo waukulu ayi, ndinali m'modzi wa khamu lija lofuula, ndipo ndikuuzeni anzanga kuti mpaka utaima pa siteji ndi pamene umaona kuti mphamvu m'seweroli ili kwa anthu wambawo, aliyense wa akuluakuluwa akungolimbirana kuti awakwere pamsana. Amene ankatiphunzitsa anatiletsa kuwerenga zolankhula za Antony pasadakhale, anati mukazimve koyamba pa puraktisi kuti ndione nkhope zanu.

Choyamba ndi Brutus. Akulankhula bwinobwino mwaulemu, mwachidule, ngati loya, akuti Caesar ndinkamukonda koma Roma ndinkaikonda koposa, akufunsa kuti alipo pano amene akufuna kukhala kapolo? Ife tonse tikuyankha kuti palibe. Ndye mzere umene anandipatsa ine kuti ndifuule unali woti Brutus yemweyo akhale Caesar. Ndinaufuula masiku angapo osaganiza kanthu, tsiku lina ndili kubafa ndi pamene zinandilowa kuti haa, munthu wangomaliza kufotokoza kuti wapha mnzake kuti pasakhalenso Caesar, ife tikuti iweyo nde ukhale Caesar watsopano, wina akuti timumangire chiboliboli. Palibe chomwe tamva. Anthuwo sakufuna ripabuliki ya Brutus, akufuna munthu woti azimuombera m'manja. Ndipo Brutus osazindikira, akuchoka kupita kunyumba nkutiuza kuti titsale timvere Antony, kumusiyira mdani wake siteji, mtembo ndi khamu.

Kenako Antony. Mnyamata amene ankasewera Antony anali wamawu otsika, sankakuwa, anayamba ngati akupepesa, akubwereza kuti Brutus ndi munthu wolemekezeka, ulendo woyamba timavomereza ndi mitu, wachitatu tayamba kuyang'anizana, pofika kumapeto liwu lomwelo layamba kununkha. Akutulutsa wilo ya Caesar nkuibweza m'thumba, akuti sindiwerenga mungapse mtima, ife nkumachonderera. Ndye akutsika pa nsanja nkutiuza kuti tizungulire mtembo. Ife tinali ndi chinsalu choyera chomwe tinachiboola ndi sizasi nkuchipaka penti yofiira, penti yake yosauma bwino inkamata m'manja, koma atachinyamula nkuyamba kulowetsa chala m'mabowo, apa ndi pamene Cassius anabaya, apa Casca, apa Brutus wokondedwa uja, mtsikana amene anaima pafupi nane analira misozi yeniyeni ngakhale iye ndi amene anaboola nsaluyo dzulo lake. Nde taganizani, Antony pa nthawi yobayayo kunalibe, Trebonius, m'modzi wa achiwembu, anali atamukokera panja. Akudziwa bwanji kuti bowo ili ndi la ndani? Akungopeka, koma palibe m'khamumo amene akufunsa. Pomaliza ndi pamene akuwerenga wilo, ndalama zokwana madrakima 75 kwa nzika iliyonse ndi minda yake ya maluwa kuti anthu aziyendamo, ife tinali titaiwala kale za wiloyo mpaka iye kutikumbutsa. Titathamanga ndi miuni iye akutsala yekha pa siteji, nkhope yasinthiratu, akungoti chipwirikiti chayamba chipite komwe chikufuna.

Chigawo chotsatira ndi chimene sindidzachiiwala ngakhale ndi chachifupi kwambiri ndipo ena amachidumpha. Tikukumana ndi Cinna wolemba ndakatulo, akupita ku maliro a Caesar ngati bwenzi. Tikumufunsa dzina, akuti Cinna, ndye poti m'modzi wa achiwembu analinso Cinna tikumugwira. Akukuwa kuti ine ndine wandakatulo, wina akuyankha kuti nde timukhadzule chifukwa cha ndakatulo zake zoipa. Oonera anaseka pamenepo, kenako kuseka kunazima pamene tinamugwetsa pansi nkumukoka miyendo. Mnzathu amene ankasewera Cinna anachoka ndi chigongono chosupuka usiku woyamba chifukwa tinatengeka zenizeni. Ndipo izi si zopeka za Shakespeare, wolemba mbiri wakale Plutarch analemba kuti zinachitikadi. Achemwali ngati mukufuna malo amodzi pamene munthu wosalakwa akuphedwa pamaso pathu popanda mlandu, si Caesar amene akupha, ndi ife a m'khamu titamva zokoma za Antony.


kachiwala_04 analemba:

Eee zikomo nonse, ndine mtsikana a bwande musadandaule kkk. Ndabwerera m'buku ndapezadi mzere wa Flavius ndi Marullus uja, ndinaudutsa osauona nkomwe. Nde pano vuto langa lasintha, poyamba ndinalibe umboni pano ndili ndi umboni wa mbali zonse ziwiri ndipo sindikudziwa kuti ndiyime pati. Aphunzitsi, kodi nkololedwa kulemba kuti sewero silikugamula dala? Sizioneka ngati ndikuthawa funso? Komanso ndikudabwa kuti Shakespeare, munthu wa ku England, analimbana ndi nkhani ya ku Roma yakalekale chifukwa chani, osangolemba za mafumu akwawo. Ndipo gawo lachinayi ndi lachisanu ndinene zoona ndinangowerenga mothamanga chifukwa Caesar atafa ndinaona ngati nkhani yatha, ndi ma nkhondo okhaokha.


mphunzitsi_wopuma analemba:

Iii mwanawe, gawo lachinayi ndi limene ukulifuna pa funso lakoli ndye walithamanga? Bwerera. Likutseguka ndi anthu atatu atakhala pa tebulo, Antony, Octavius mlowam'malo wa Caesar, ndi mnzawo Lepidus, ali ndi mndandanda wa maina akuchonga oti aphedwe. Octavius akuuza Lepidus kuti m'bale wako naye afe, Lepidus akuvomera koma akuti pokhapokha mwana wa mlongo wake wa Antony afenso, Antony akuchonga osaphethira. Akusinthana abale ngati mbuzi pa msika. Kenako Antony yemwe uja analira pa mtembo akutuma Lepidus kuti akatenge wilo ya Caesar aone mmene angadulireko ndalama zomwe anthu analonjezedwa, ndipo Lepidus atangotuluka akumunena kuti ndi bulu wonyamula katundu, akafikitsa katundu timumasula azikadya udzu. Chimene Brutus ankaopa kuti chidzaswa m'dzira chija ndi ichi, chaswa Caesar atafa, ndipo njira yake anailambula ndi Brutus mwini. M'mbiri izi zinachitika kumapeto kwa 43 BC, Cicero amene sanalowe nawo chiwembu anaphedwa mu December chaka chomwecho.

Mbali inayo nako sikuli bwino. Ku Sardis Brutus akukalipira Cassius za ziphuphu, akuti kodi tinapha Caesar kuti tizidetsa manja ndi ndalama, koma mkangano womwewo akudandaula kuti ndinakutumizira uthenga wopempha golide wolipira asilikali anga unandimana, poti ine sindingatolere ndalama mwa njira zonyansa. Ndye akufuna ndalama zomwezo bola wina ndi amene adetse manja. A bwande anena zoona za Caesar, sindikutsutsa, ndinasiya dala mbali imeneyo kuti wina ayitole.

Za kuthawa funso, kumakhala kuthawa ukangolemba kuti onse ali ndi mbali yabwino ndi yoipa nkusiyira pomwepo. Koma ukanena poyera mu ndime yoyamba kuti seweroli likuonetsa zizindikiro za nkhanza mwa Caesar koma nkhanza zenizeni likuzionetsa iye atafa, kenako nkupereka umboni chigawo ndi chigawo, pamenepo waima penapake. Wochonga akhoza kusagwirizana nawe koma sangakumane malikisi.

Funso lako la England ndi labwino. Seweroli linalembedwa cha mu 1599, mlendo wina wochokera ku Switzerland, Thomas Platter, analemba kuti anaonera sewero la Julius Caesar ku London pa 21 September chaka chimenecho. Nthawi imeneyo mfumukazi Elizabeth anali ndi zaka 66, wopanda mwana, wosatchula wolowa m'malo, ndipo kukamba poyera za amene adzalowe ufumu kunali kuputa mlandu. Aliyense ankaopa kuti gogoyu akangotseka maso kubuka nkhondo ya pachiweniweni. Masewero ankayenera kuvomerezedwa ndi ofesi ya boma asanaseweredwe. Za mafumu akwawo analemba ndithu, ambiri, koma funso loti kodi nkoyenera kupha wolamulira linali losavuta kulifunsa utaliveka zovala za Chiroma. Nkhaniyo anaitenga mu Plutarch, m'buku lomwe Thomas North anamasulira m'Chingerezi mu 1579, nkuipanikiza, zinthu zomwe zinatenga zaka pafupifupi zitatu zikuoneka ngati masiku ochepa, ngakhale nkhondo ya ku Philippi ya mu October 42 BC zinali nkhondo ziwiri zotalikirana masabata atatu koma iye anaziphatikiza tsiku limodzi.

Pomaliza ona amene akulankhula mawu otsiriza a sewero. Si Antony, ndi Octavius, kamnyamata kaja kamene Antony ankakaona ngati kamwana, kamene pa bwalo la nkhondo kanakana kupita kumanzere komwe anakauza. Anali ndi zaka 18 pamene Caesar ankaphedwa. Oonera a mu 1599 ankadziwa kuti ameneyu adzagonjetsa Antony ku Actium mu 31 BC, nkukhala Augustus mu 27 BC, nkulamulira zaka zoposa 40 osadzitchula mfumu ngakhale tsiku limodzi.


bwande_wa_mbiri analemba:

Achemwali kanthu kamodzi musanapereke Lachisanulo, samalani ndi manambala ndi malo chifukwa sewero ndi mbiri zikusiyana ndye ochonga ena amakonda kugwira pamenepo. Olemba mbiri akale amati mabala a Caesar anali 23, koma m'seweromo Octavius akutchula 33, nde ngati mukunena za sewero lembani 33. Sewero likuti anaphedwera ku Capitol, mbiri ikuti munali m'holo ya pa bwalo la zisudzo la Pompey momwe Seneti inakumana tsiku limenelo, ngakhale zoti anagwera pansi pa chiboliboli cha Pompey zili konsekonse. Mawu otchuka achilatini aja oti Et tu, Brute (nawenso Brutus?) omwe Caesar akunena ataona Brutus ndi mpeni mu Plutarch mulibe, iye anangoti munthuyu anadzifunditsa nkhope ndi mkanjo wake. Komanso Decius wa m'sewero uja dzina lake lenileni linali Decimus, koma inu lembani Decius mmene zilili m'buku lanulo.


kachiwala_04 analemba:

Ndalemba 33 kkk. Ndawerenganso gawo lachinayi usiku wathawu mpaka pomwe mzimu wa Caesar ukumupeza Brutus mu tenti kandulo ikuzilala, kamnyamata kake Lucius katagona ndi choimbira m'manja. Ndili ndi ndime zinayi tsopano, ya Cinna wandakatulo ndaiika pakati. Ya Portia mkazi wa Brutus ndi Calpurnia ndikuona ngati sikwana, malire ndi mawu 1200 ndipo ndadutsa kale ndi 150.